Kodi Chisiyanitsa Ankhondo N'chiyani?

Nkhani imene ndifuna kukambayi idayambira pa masewera, ndipo ndipepese kwa owerenga amene aona ngati masewera sayenera kulowa m'magazini ya alembi. Makolo athu adali kukamba milandu ikuluikulu ali pa bawo, tsono inenso mundilole ndiyambire pa tebulo.

Chaka chathachi mnzathu wina wa m'chipinda choyandikana ndi changa adabwera kuchokera ku tchuthi ndi buku lalikulu ndiponso kathumba ka madayisi. Madayisiwo sadali a mbali 6 okhaokha monga aja tidawazolowera. Ena adali a mbali 8, ena 12, ndipo wina wa mbali 20. Adati masewerawo dzina lake ndi Dungeons & Dragons, ndipo adatuluka ku America m'chaka cha 1974 kuchokera kwa anthu awiri, Gary Gygax ndi Dave Arneson. Kaseweredwe kake n'kotere. Munthu mmodzi akhala mwini nthano, ndipo ndiye afotokoza za dziko, midzi, mapanga ndi zilombo zili m'menemo. Otsalawo aliyense atenga munthu mmodzi wa m'nthanomo namulemba pa pepala: mphamvu zake, changu chake, nzeru zake ndi zida zake. Mwini nthano akati, "Mwafika pa mlatho ndipo pali achifwamba asanu," aliyense anena chimene munthu wake achite, kenaka aponya dayisi kuti aone ngati chatheka. Kunena mwachidule, ndi nthano ya pamoto ija, koma omvera sangoyankha kuti "tili tonse". Iwonso ali m'kati mwa nthanoyo ndipo atha kuferamo.

Musanayambe kusewera muyenera kusankha mtundu wa munthu wanu. Alipo amatsenga, ansembe ndi akuba, koma ine maso anga adagwera pa ankhondo, amene ali mitundu inayi yodziwika. Woyamba amutcha fighter. Uyu ndi msilikali weniweni, wophunzira zida zonse, wovala malaya achitsulo, ndipo mphamvu yake ichokera m'kuphunzira ndi kubwereza. Iyeyu ndiye wamkulu pa onse, poti m'masewera a 1974 mitundu idali itatu yokha: wankhondo, wamatsenga ndi wansembe. Wachiwiri ndi paladin, amene adalowa mu 1975, ndipo dzina lake adalitenga kwa ankhondo 12 a mfumu Charlemagne a m'nthano za ku France. Uyu ndi wankhondo wa lumbiro. Atha kuchiza wovulala pomusanjika manja, koma m'malamulo akale a masewerawa, akachita choipa mwadala mphamvu zake zopatulikazo zimchokera, nasanduka fighter wamba. Wachitatu ndi ranger, mlenje wodziwa mapazi, mphepo ndi njira za m'thengo, amene adamujambula poyang'ana Aragorn wa m'mabuku a J.R.R. Tolkien. Wachinayi ndi barbarian, mdzukulu wa Conan wa m'nthano za Robert E. Howard. Uyu sadalira malaya achitsulo. Chida chake ndi ukali. Ukamugwira samva kupweteka, ndipo nkhwangwa yake igwa molemera kuposa masiku onse. M'malamulo amene adatuluka m'chaka cha 2000, iye yekha pa mitundu yonse ndiye adali kuyamba masewera wosadziwa kuwerenga ndi kulemba.

"Iwe usavutike n'kusankha," adatero mnzanga wina akuseka. "Si ndiwe Mngoni wa ku Mchinji? Tenga barbarian." Tonse tidaseka, nanenso ndidaseka, ndipo ndidamutengadi. Usiku wonse ndidali kuphwanya zitseko ndi mitu ya adani. Koma pokagona mawu aja adakana kundichoka, ndipo adabala funso limene ndakhala nalo mpaka lero. Kodi chisiyanitsa wankhondo mmodzi ndi mnzake n'chiyani? Buku liti ndi gwero la mphamvu zawo: wina maphunziro, wina lumbiro, wina thengo, wina ukali. Komatu onse anayiwo aponya dayisi imodzimodzi ya mbali 20, ndipo wolasidwa ndi paladin afa monga afera wolasidwa ndi barbarian. Ngati ntchito yawo ili imodzi, n'chifukwa ninji wina timutcha woyera, wina wakuthengo?

Kwathu ndi kufupi ndi Kachebere, patsinde pa mapiri a m'malire a dziko lino ndi Zambia. Bambo anga ndi Mngoni, mayi anga ndi Mchewa, monga zilili m'mabanja ambiri kumeneko. Pa tchuthi ndidawafotokozera agogo aamuna, obala bambo anga, za masewerawa ndi za chipongwe cha mnzanga chija. Iwo adamvetsera mpaka ndidatha, kenaka adati: "Mdzukulu wanga, amene adalemba bukulo sadaonepo impi. Agogo anga adandiuza kuti munthu waukali yekha sankamufuna kunkhondo. Amathamangira patsogolo pa anzake, n'kuswa mzere, n'kuphetsa anthu."

Mbiri ivomerezana nawo agogo. Angoni adaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, motsogozedwa ndi Zwangendaba. Iye atamwalira kumpoto, chakufupi ndi nyanja ya Tanganyika, mtundu udagawikana, ndipo gawo la mwana wake Mpezeni lidadzakhazikika m'dera lathu lino la pakati pa Chipata ndi Mchinji cha m'ma 1870. N'chifukwa chake mpaka lero m'boma lathu muli mafumu a Angoni monga a Zulu ndi a Mlonyeni, moyandikana ndi mafumu a Achewa monga a Mkanda. Mphamvu ya anthu amenewa sidali mkwiyo ayi. Anyamata adali kuikidwa m'magulu monga mwa misinkhu yawo, pansi pa nduna. Adali kuphunzira kuyenda pamodzi, kuphimbana ndi zishango za chikopa cha ng'ombe, ndi kusendera pafupi ndi mdani atagwira nthungo yaifupi m'malo moiponyera patali. Ogwidwa kunkhondo adali kulowetsedwa mu mtundu, ndipo ena a iwo adakwera mpaka kukhala nduna. Amene waonererako ingoma adziwa kuti mapazi makumi angapo agunda pansi ngati phazi limodzi. Munthu wopenga ndi mkwiyo sangavine chotero. Tikayesa ndi muyeso wa buku lija, Mngoni adali fighter.

Nanga dzina loti barbarian lidachokera kuti? Agiriki akale adali kutcha barbaros aliyense wosalankhula Chigiriki, poti m'makutu mwawo zolankhula zake zidali kumveka ngati "bar-bar". Ndiye kuti dzinali lidabadwira m'khutu la womvera, osati mumtima mwa wolankhula. Ndi dzina limene upatsa mlendo amene chinenero chake sudavutike kuchiphunzira.

Ndikadalekera pomwepa ndikadabwerera ku koleji wokondwa, ndili ndi yankho lomutsekera pakamwa mnzanga uja. Koma ndili ndi agogo enanso, aakazi, obala mayi anga. Iwo atamva zimene adanena agogo aamuna adapitiriza kutongola chimanga chawo, nati, "Kaya anali ndi mzere kaya analibe, ife tinkagona m'mapanga." "Ife" wawoyo ndi makolo awo, Achewa amene adamanga malinga ndi kuthawira m'mapiri, kusiya nkhokwe zikupsa ndi ana atatengedwa. Kwa mayi wobisala m'phanga atagwira khanda lake pakamwa, kumva kuti impi ili ndi mwambo sikukadamutonthoza. Mwambowo ndiwo udali kuiopsetsa impiyo. Magazi a onse awiri ali mwa ine, wolasa ndi wolasidwa, ndipo sindingakane mmodzi wa iwo. Apa ndidaphunzira chinthu choyamba: luso ndi mwambo zisiyanitsa wankhondo wopambana ndi wogonja, koma sizisiyanitsa wabwino ndi woipa.

Phunziro lomweli lidadzawagwera Angoni eni ake. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera kuno adalowa m'dziko la Mpezeni, kumene kampani ya azungu idali kuganiza kuti kuli golide. Adadza ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Nsingo, mwana wa Mpezeni, ndiye adatsogolera impi, koma chishango cha chikopa sichiletsa chipolopolo. Pasadapite masabata ambiri midzi idatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zidalandidwa, Nsingo adagwidwa nawomberedwa mu Febuluwale, ndipo Mpezeni adakasungidwa ku Fort Manning, ndiyo Mchinji ya lero, asadabwezedwe kwawo kumene adamwalira mu 1900. Mwambo wa Nc'wala udazima mpaka pamene udatsitsimutsidwa mu 1980. Tsono tifunse: amene adagwira mfutizo adali yani? Akuluakulu adali azungu, ena adali Amwenye, koma ambiri adali anthu akuda anzathu, Atonga ndi Ayao, olembedwa ntchito ndi kuphunzitsidwa perete.

Magulu amenewa ndiwo adadzalowa m'gulu la King's African Rifles mu 1902, a Keyala aja timamva m'nkhani za akuluakulu. Pa nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, dziko lino lidapereka asilikali pafupifupi 19,000, ndipo pa nkhondo yachiwiri ana a dziko lino adakafika ku Abyssinia, Madagascar ndi Burma. Chipilala chowakumbukira chili kuno ku Zomba, ndipo ine sindingayerekeze kunyoza kulimba mtima kwawo. Koma a Keyala omwewa adatumidwa kukathyola John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915, Chilembwe yemwe uja amene miyezi ingapo m'mbuyomo adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni ake. Apa ndiye poonekera chilema cha fighter. Ali ngati nkhwangwa yonoledwa bwino, imene siifunsa ngati mtengo ikudulawo ndi wa kumunda kapena wa kumanda. Ubwino wake ndi kuipa kwake zili m'dzanja la amene waigwira.

Nanga ranger? Kumpoto kwa boma lathu kuli nkhalango ya Kasungu, imene idakhala paki ya dziko (national park) mu 1970, ndipo mu 2022 idalandira njovu 263 kuchokera ku Liwonde. M'nkhalango yotere muyenda anthu a mitundu iwiri: mlonda wa nyama ndi wopha nyama mozemba. Onse awiri awerenga phazi limodzimodzi pa dothi, onse adziwa kumene mphepo ikupita, ndipo n'kotheka kuti adaphunzira zimenezi kwa nkhalamba za mudzi umodzi. Kudziwa thengo sikutiuza kuti wa iwo wolungama ndani. Ndiponso mlimi amene chimanga chake chapondedwa ndi njovu usiku umodzi ali ndi funso lake kwa onse awiri. Palinso china chimene chidandidetsa nkhawa m'buku lija. Ranger auzidwa kusankhiratu mtundu wa adani amene adzawasake kuposa ena onse, asadakumane nawo n'komwe. M'masewera zimenezi zingowonjezera manambala, koma m'moyo munthu amene wasankhiratu mtundu wodana nawo tidziwa kumene amathera.

Watsala paladin, ndipo ndivomere kuti kwa masiku angapo ndidaganiza kuti yankho lili mwa iye. Ine ndidakula ndikumva belu la ku seminale. Mishoni ya Kachebere idatsegulidwa ndi ansembe a chipani cha White Fathers mu 1903, patangopita zaka 5 Nsingo ataphedwa, ndipo seminale yaikulu idayamba mu 1939. Chipanichi adachiyambitsa Charles Lavigerie ku Algeria mu 1868, ndipo olowamo adzimanga ndi lumbiro. Adali nayenso paladin wawo weniweni: Léopold Joubert, Mfalansa amene adali msilikali wa Papa, adapita ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1880 nateteza anthu a pa mishoni ya Mpala kwa ogwira akapolo, ndipo adakhala m'dera limenelo mpaka imfa yake mu 1927. Ndidati mumtima mwanga: chisiyanitsa ankhondo ndi ichi, kuti wina amenyera malipiro, wina mkwiyo, koma wina amenyera chinthu chachikulu chimene adalumbirira.

Koma mbiri ya dziko lathu lomwe idandibweza. Mu 1963 kudakhazikitsidwa gulu la Malawi Young Pioneers, achinyamata ophunzitsidwa ulimi, perete ndi zida. Dziko lonse lidali kuloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Palibe paladin wa m'buku amene ali ndi mawu okoma kuposa amenewa. Komabe mu 1972 a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chidaletsedwa mu 1967 ndipo adali kukana kugula makadi a chipani, adamenyedwa ndi kutenthedwa nyumba ndi achinyamata a chipani pamodzi ndi apayoniya, kotero kuti zikwi zambiri zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, kutsidya kwa malire omwewa amene ine ndidakulirapo. Gululi lidalandidwa zida ndi asilikali a boma mu Disembala 1993, pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani. Omenya anzawo aja sadali openga. Adali okhulupirika ndi omvera, monga momwe adaphunzitsidwira. Chimodzimodzinso ankhondo a mtanda amene adapha anthu a mumzinda wa Yerusalemu mu 1099 adali anthu a malumbiro.

Kunena zoona, ine ndiopa wolumbira kuposa waukali. Mkwiyo uzizira; munthu waukali akamenya masana, madzulo watopa, ndipo mwina m'mawa achita manyazi. Koma amene akhulupirira kuti akutumikira chinthu chopatulika adzuka m'mawa ndi mtima woyera napitiriza pamene adalekera. Lumbiro liwonjezera mphamvu, koma palokha silinena kumene mphamvuzo zilowere.

Tsono ngati si zida, si luso, si kudziwa thengo, ndiponso si lumbiro, chatsala n'chiyani? Ndidabwerera ku lamulo lakale lija la paladin, ndipo ndidaona chimene poyamba chidandiphonya. Mphamvu zake sizimchokera akagonja pa nkhondo. Zimchokera akachita choipa. Ndiye kuti chimene chimpatula kwa anzake sichili pa zimene atha kuchita, poti zimenezo fighter athanso. Chili pa zimene sangachite. Ali ndi malire. Ife a ku Kachebere tidziwa kuti malire nthawi zina saoneka ndi maso, munthu atha kulima mzere umodzi ku Malawi wina ku Zambia, komabe alipo, ndipo owadziwa adziwa pamene awaoloka. Yankho langa tsono ndi ili: wankhondo adziwika ndi munthu amene iye akana kumulasa, ngakhale womutuma atalamula. Ukafuna kudziwa mtundu wake usamufunse kuti agwira chiyani kapena kuti adalumbira kwa yani. Umufunse kuti mkono wake uima pati.

Chitsanzo tili nacho m'dziko lino. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, padali ena amene adafuna kuti wachiwiri wake, Joyce Banda, asalowe pa mpando monga malamulo anenera. Gulu la nkhondo, lotsogozedwa ndi Henry Odillo, lidakana kulowa m'zimenezo ndipo lidaima pa malamulo a dziko, kotero kuti mayiyo adalumbiritsidwa pa 7 Epulo. Sikudamveke mfuti. Ntchito yaikulu imene asilikali athu adagwira masiku amenewo idali ya kukana.

Ndidziwa kuti anzanga a m'gulu lino sangalole mfundoyi ipite osaigwedeza, tsono ndiigwedeze ndekha. Wina ati: gulu la nkhondo limene msilikali aliyense aweruza yekha lamulo lililonse si gulu la nkhondo, ndi chipwirikiti, ndipo agogo ako adanena kale za munthu woswa mzere. Izi n'zoona. Msilikali sangaitanitse bwalo nthawi iliyonse akauzidwa kukhotera kumanzere. Koma malire amene ndikunena ndi ochepa, ndipo safuna maphunziro a ku yunivesite kuti munthu awazindikire: wopanda chida, woti wakweza manja, wovulala, mwana. Maiko adawalemba m'mapangano a ku Geneva a 1949, ndipo pa milandu ya ku Nuremberg ya 1945 ndi 1946 oweruza adakana kumasula munthu pa chifukwa choti adangomvera lamulo. Msilikali amvere zinthu 99, koma pa chinthu cha 100 akhale ndi mawu oti "ayi". Amene alibe mawu amenewa m'kamwa mwake ndi chida chabe, ngakhale atavala nyota zingati pa phewa.

Wina ati: m'masewera mwini nthano alanda mphamvu za paladin wochimwa nthawi yomweyo, koma m'moyo palibe amene achita zimenezo. Apanso ndivomera, ndipo ndipo pamene masewera atinamiza. Amene adatentha nyumba ya mnzake mu 1972 adadzuka m'mawa ndi mikono yake yonse iwiri. Mwina adakwezedwa pa udindo. Dziko lilibe mwini nthano wokhala kumutu kwa tebulo ndi buku la malamulo. N'chifukwa chake ntchitoyo yatsalira ife: makhoti, olemba mbiri, ndi agogo amene akana kuiwala mapanga. Mfundo imeneyi siigwetsa malire aja. Ingotiuza kuti akasowa owasunga afafanizika.

Wachitatu ati: n'chapafupi kwa mwana wa sukulu amene sadagwirepo mfuti kuuza ena pamene ayenera kukana. Uyu ndiye wandilasa, ndipo ndilibe chishango. Kukana kuli ndi mtengo wake. Ena ataya ntchito, ena moyo. Ndingoti kuvuta kwa chinthu sikuchisandutsa chabodza. Ndiponso sindikunena kuti ine ndikadakana. Ndikunena kuti amene adakana ndiwo oyenera dzina lina, losiyana ndi la amene sadakane.

Pali chinthu chinanso chimene agogo aakazi adandiphunzitsa osadziwa. Buku lija lisiyanitsa ankhondo poyang'ana kuchokera kumene kuli chigwiriro cha nthungo. Koma nthungo ili ndi mbali ziwiri, ndipo amene ali kunsonga kwake ndiye aona bwino kusiyana kwa ankhondo. M'masewera athu palibe amene asankha kukhala mayi wa pamtondo kapena mnyamata wobusa mbuzi. Anthu a m'midzi onse awalankhulira mwini nthano, ndipo mudzi ukapsa masewera apitirira. M'mbiri yathu namonso ndi chimodzimodzi. Pa nkhondo ya Chiwaya ija, pambali pa asilikali 19,000 aja, padali amtengatenga pafupifupi 200,000 amene adasenza katundu pamutu, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Iwowa alibe mtundu wawo m'buku la masewera. Komatu ukadafunsa wamtengatenga kuti chisiyanitsa msilikali uyu ndi uyo n'chiyani, sakadanena za mfuti. Akadati: uyu amandikwapula ndikagwa, uyo amandipatsa madzi.

Zonsezi zikadakhala nkhani ya m'kalasi chabe pakadapanda mphwanga, mwana wa mayi anga aang'ono. Adatsiriza Folomu 4, ntchito sadaipeze, ndipo apalasa kabaza kunyamula anthu ndi matumba pakati pa boma ndi malire. Ndi wamphamvu, wa chifuwa chachikulu, ndipo pa ingoma ndiye aonekera. Pa tchuthi chomwecho adandiuza kuti kudabwera anthu ndi galimoto kudzafuna anyamata oti aziperekeza bwana wina wandale pa misonkhano. Adalonjeza ndalama za tsiku limodzi zoposa zimene iye apeza pa sabata. Kumbuyo kwa galimotoyo adaonako zikwanje.

"Achimwene, ndi ntchito ya chitetezo basi," adatero. "Tikungoteteza bwana."

Ndidamufunsa kuti, "Nanga tsiku lina akadzakulozera mayi wogulitsa tomato, woti wavala nsalu ya chipani china, n'kukuuza kuti um'menye, udzatani?"

"Sizingafike pamenepo."

"Zikadzafika?"

Adakhala chete nthawi yaitali akupukuta sipoko za njinga yake. Kenaka adati, "Inu muli ku yunivesite, mumadya katatu." Ndidasowa chonena, poti adanena zoona. Chimene ndidatha kumupempha n'choti asadakwere galimotoyo ayambe wadziuza yekha, mokweza, munthu amene sadzam'menya ngakhale atalipidwa zingati, ndipo akapeza kuti munthu wotero palibe, asakwere. Nkhanga zidapangana kusanapse. Malire auika usanamve fungo la mowa wa bwana ndi phokoso la gulu, poti pamenepo nthawi yoganiza palibe. Adanyamuka ndi njinga yake osandiyankha. Mwa mitundu inayi ija mphwangayo atha kukhala uliwonse. Thupi ali nalo, thengo alidziwa, mkwiyo wa umphawi ali nawo, ndipo lumbiro adzampatsa pamodzi ndi malaya. Chimene palibe angampatse ndi "ayi" wake.

Nditabwerera kuno ku Zomba sindidasinthe munthu wanga wa m'masewera. Ndidakhalabe barbarian wosadziwa kuwerenga uja. Usiku wina tidagonjetsa achifwamba pa chigwa, ndipo mmodzi wa iwo adataya lupanga lake nagwada. Mnzanga amene asewera paladin, yemwe uja adandisankhira mtundu, adati amuphe, poti adalumbira kuchotsa oipa onse m'dzikomo. Ine ndidati munthu wanga aima pakati pawo ndipo atsitsa nkhwangwa yake pansi. Mwini nthano adatsegula buku, nafunafuna, koma sadapeze lamulo lopatsa barbarian mphotho pa chinthu chotere. Tidakangana mpaka kandulo idatha, madayisi ali phee pa tebulo, ndipo wachifwambayo tidamusiya chigwadire kufikira Loweruka linalo.